Mpini Wotsala Pachimpope

Chimpope chinali chikulira pomwe ndinkatsika m'galimoto. Kwiii, kwiii, osapumira, mpaka mano kuwawa. Aliyense wa ku Kanyama amachidziwa chimpope chimenechi: chachitali, chadzimbiri, chozungulira ndi mphepo, chomwe kale chinkakokera madzi ng'ombe za mkaka. Ng'ombezo zinatha ine ndisanabadwe, mwini famu anabwerera kwawo, ndipo komboni inadya minda yonse pang'onopang'ono. Chatsala ndi nyumba yamiyala, dibi louma la ng'ombe, ndi manda a antchito kuseri kwa mikuyu ikuluikulu. Malo onsewo timangoti Pachimpope.

Ine ndine Sajeni Towela Mvula, wa kapolisi ka m'komboni. Ndinabadwira ku Matero, ndipo famu ndimangoiona pa paketi ya mkaka. Lolemba limenelo kunkatentha moti ndikanakonda kukhala pansi pa fani n'kumalemba za mafoni obedwa. Koma mayi amene anandidikira pageti anali ndi maso ofiira ngati sanagone, ndipo ulesi wanga wonse unathera pomwepo.

“Mwachimva, Ba Sajeni?” anatero asanandipatse n'komwe moni. “Atate amachimanga ndi tcheni chimenecho. Chibadwire ine sichinalirepo chonchi. Atakhala kuti ali moyo, ali pafupi, sangachisiye chikulira. Sangachisiye.”

Anali Mainess Njobvu, amene anthu amati amake Norah. Bambo ake, Ba Moven Njobvu, anabadwira pafamupo, makolo awo atachokera ku Katete kudzakama ng'ombe. Anthu onse atabalalika, iwo anatsala okha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yamiyala, kumasesa manda ndi kuthamangitsa ogawa mapuloti. Zaka ndi zaka anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha, kupempha kuti malowo atetezedwe ngati chikumbutso cha anthu akale. Tsopano akuluakulu osunga zakale anali atavomera kubwera sabata yomweyo kudzaona manda ndi maso awo. Akanawaona, palibe akanadulanso puloti pamenepo.

“Munawaona liti komaliza?” ndinafunsa.

“Loweruka. Dzulo kutchalitchi mpando wao unali wopanda munthu. Titaweruka ndinabwera ndi chakudya. Chitseko chotsegula, jekete lakutchalitchi lili pamsomali, nsapato zopolisha zili pansi pa bedi. Munthu kulibe.” Analoza cha kumikuyu. “Kenaka ndinaona utsi kumanda.”

“Tiyeni mukandionetse.”

“Iyayi. Ndinasuzumira kamodzi dzulo, miyendo inandikana. Amayi anga ali mmenemo, Ba Sajeni. Pitani inu. Ine ndingofuna atate anga.”

* * *

Ndinalowa ndi Konstabo Chola, bambo wamimba yaikulu amene akungodikira kupuma pantchito. Titadutsa mikuyu, iye anavula chipewa. Ine ndinatukwana.

Panalibenso manda. Miyala yopaka laimu yomwe inkazungulira mitumbira inali itachotsedwa yonse, mitumbira itasalazidwa, ndipo paliponse panali phulusa lakuda ndi mawaya opiringizika a matayala otenthedwa. Fungo lake linkagwira pakhosi. Munthu wobwera kuchokera kuofesi akanangoti pano ndi potayira zinyalala.

“Aba bantu sibaopa Mulungu,” anatero Chola.

“Mulungu asiyeni kaye. Yang'anani pansi.”

Tinayendayenda. Magazi sitinawaone, chipewa kapena ndodo ya mdala sitinaione. Chapafupi ndi mkuyu waukulu, womwe pathunthu pake panakhomedwa belu lakale la ng'ombe, chidendene changa chinatitimira pang'ono. Ndinangoti ndi phulusa. Koma pamwamba pa phulusalo panagona mpini wa khasu, wopanda khasu lake, woongoka bwinobwino ngati wina wauika ndi manja awiri. Moto sunaukhudze ngakhale pang'ono. Pogwirira panali posalala ndi thukuta la zaka, ndipo pabowo lolowera msuka panali dothi lofiira, lauwisi.

Ndinaganiza kuti ndapeza chimene anamenyera mdala. Ndinaukulunga m'nyuzipepala, ndinazika waya pamalo pomwe unagona, n'kukautsekera m'galimoto.

Ndikutseka chitseko, ndinamva phokoso kumsewu. Mawu a akazi, mawu a amuna, ndi mawu amodzi okuwa kuposa onse.

“Mutentheni! Ni mfiti uyu! Aphwanya manda!”

* * *

M'mbali mwa msewu wopita kufamu mumakhala amayi ophwanya miyala. Amakhala padzuwa tsiku lonse ndi nyundo, kusandutsa matanthwe kukhala timiyala togulitsa kwa omanga nyumba. Khamu linali litazinga mmodzi wa iwo, mayi wowonda wotchedwa Belinda, yemwe anakhala pamulu wake atakumbatira nyundo. Pamuluwo panali miyala yoyera ndi laimu.

“Wokhudza mayiyu agona m'selo lero!” ndinakuwa. “Ndipo selo yathu mukuidziwa, chidebe n'chimodzi!”

Anabwerera m'mbuyo akung'ung'udza, koma sanachoke.

Belinda ankalankhula mothamanga ngati wina amulanda mawu. “Ba Sajeni, ine nilibe mulandu, nilumbira pali bana banga. Nenze ku chechi ine pa Sande, funsani aliyense. Pobwela napeza myala pa mulu wanga, yambiri, mahala. Nati Mulungu wanikumbuka lelo. Naphwanya ubili chabe, manje naona laimu, naona na mtanda wopenta. Nyundo inagwa yeka. Ningadye ndalama ya manda ine?”

“Anabweretsa ndani?”

Anayang'ana khamu, kenaka pansi. “Mawilo ya wilibala yanachokela kufamu. Mawilibala yambiri so mu komboni muno ali nayo ni muntu umozi. Imwe mumuziba.”

Ndinkamudziwadi. Chishimba, wogawa mapuloti.

“Ba Moven munawaona dzulo?”

“Kuseni popita ku chechi nabaona, benze na tsache, basesa pa geti. Banipatsa moni. Pamene tenze kuimba mu chechi ni pamene chimpope chinayamba kulila. Tonse tinayang'anana.” Anapukuta mphuno ndi chitenje, kenaka nkhope yake inasintha, mantha n'kusanduka mkwiyo. “Na chinangu, Ba Sajeni, lembani. Muntu ananionongela manzi yanga. Chigubu chonse! Muziba kwamene titapa manzi ise? Nasiya chigubu chozula pansi pa saka, napeza chatsala hafu, na beseni yanga ili na matika yofiila. Muntu anasukilamo vintu vake monga ni pa nyumba pake.”

“Matope ofiira?”

Anakoka beseni pansi pa saka. Pansi pake panali dothi louma, lofiira ngati la pampini uja. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kanyama yense wakhala pathanthwe, fumbi lake ndi lotuwa, ndipo ngakhale chimbudzi anthu amachimanga m'mwamba chifukwa pansi sipakumbika. Dothi lofiira chonchi munthu akalipeza kuti?

Ndinauza Chola kuti akhale ndi Belinda mpaka khamu litatopa. Ine ndinapita kukasaka Chishimba.

* * *

Ndinampeza pa kabala kake ka mowa, atakhala pampando wapulasitiki, miyendo pa kireti, magalasi akuda pamphuno. Kuseri kwake mawilibala anali atandandalikidwa, ena akadali ndi laimu m'mphepete. Sanavutike n'kuwabisa komwe, ndipo zimenezi zinandikwiyitsa kuposa kuseka kwake.

“Ba Sajeni ba ine! Mwaiwala njila ya kuno. Mumwa chani?”

“Ndimwa iwe ukapanda kundiuza komwe kuli Ba Moven.”

“Awe shuwa, mwayamba na nkhondo. Ine nine muntu wa chitukuko. Bantu bafuna pogona, ine nibapatsa. Vija va kufamu ni sanga chabe, banyamata banapita kukilina.”

“Manda ndi thengo kwa iwe?”

“Manda yali kuti? Pitani mukaone.” Anaseka, dzino lagolide n'kuwala.

Ndinakoka mpando, ndinakhala pafupi kwambiri moti anachotsa miyendo pa kireti. “Tamvera, Chishimba. Za miyala tidzakambirana kukhoti, ndipo mwina udzatulukamo monga umatulukira nthawi zonse. Koma mdala akapezeka atafa, anthu ali kumsewu kuja sadzadikira khoti. Lero amafuna kutentha Belinda. Mawa matayala adzakhala ako.”

Anavula magalasi. Maso ake anali aang'ono ndi otopa.

“Mudala sitinamugwile ise,” anatero motsitsa. “Tinauziwa kuti pa Sande kuseni amankala ku chechi. Banyamata banachosa myala, basalaza, bayasha moto. Manje mudala atulukila na tsache, akuwa monga wafunta, amasula na chimpope kuti komboni yonse imve. Banyamata banataba. Ba kumbuyo banamuona aimilila pa utsi, wamoyo, atukwana.”

“Anakuuzani ndani kuti amakhala kutchalitchi?”

“Mphepo.”

“Anyamata ako anasiya khasu kumeneko.”

Apa anaseka zenizeni. “Khasu? Mu Kanyama? Mufuna tilime chani, simenti? Ise tisebenzesa piki na shovelo, mayo. Khasu ni ya bantu ba kumunzi.”

“Nanga moto unali wa chiyani? Miyala siyaka.”

Anazengereza, n'kudzikanda pakhosi. “Tumitengo. Pa manda iliyonse penze kamtengo kogoneka, twakudala, twina towola. Mipini ya makasu. Banyamata banayopa, bati ni mankhwala ya mudala. Nabauza kuti sonkhanisani tonse, ikani matayala pamwamba. Tonse tunapya, kulibe kanasala. Nenze pa foni, nabauza babwelezepo kuyang'ana.”

“Yonse inapsa? Ukunenetsa?”

“Nakamba kale. Ngati mufuna kuziba nchito yake, funsani bana bake. Beve baziba.” Anabwezera magalasi pamphuno. “Maka-maka mwamuna. Uja aziba vambili.”

Ndinatuluka ndikulingalira mawu ake. Mipini yonse inapsa. Koma wanga uja ndinaupeza pamwamba pa phulusa, wosapsa. Ndiye kuti wina anabwera moto utazima, anyamata atathawa, ndipo anabwera ndi khasu.

* * *

Desmond Njobvu, mlongo wake wa Mainess, ndi wometa. Ali ndi kababashopu kamalata pafupi ndi msika, koma tsikulo kanali kotseka. Ndinampeza kunyumba ya lendi, chipinda chimodzi chakumapeto kwa mdadada, kumene madzi amakhala miyezi mvula ikagwa. Pakhoma panali mzere wakuda wofika m'chiuno, wosonyeza pomwe madzi a chaka chatha analekezera.

Anali atavala sikipa yolembedwa kuti Tetezani Pachimpope. Ndiye anali mlembi wa kagulu kothandiza bambo ake, ndipo pa wailesi ya m'komboni ndiye ankalankhula.

“Ba Sajeni, mwabwela bwino,” anatero ataimirira pakhomo. Ndinatambasula dzanja. Iye anangowerama pang'ono, manja ali kumbuyo. “Nazunguluka konse. Kuchipatala, kumochale, kwa abale ku Chawama. Kulibe. Mumangeni Chishimba, ndiye wachita izi.”

“Dzulo m'mawa munali kuti?”

“Kutchalitchi kwathu. Ndine wolandila anthu pakhomo.”

“Tchalitchi chimodzi ndi bambo anu?”

“Iyayi, iwo ni a Refomu. Ine nipemphela kwa Apasita kumsika.”

“Ndikakafunsa Apasita adzati munafika nthawi yanji?”

Anaphethira. “Nachedwako. M'mimba munanivuta.”

“Pepani. Madzi akumwa mungandigawireko? Kukutentha.”

Analowa m'nyumba. Ine ludzu ndinalibe, ndimafuna kuona manja ake. Ndili chiimire, ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Pamenepo panatsamira khasu lopanda mpini, lotsukidwa mbee ngati mbale ya mlendo. Khasu la munthu wa m'tauni limakhala ndi dzimbiri ndi ndowe za nkhuku. Ili linkawala.

Anabwera ndi kapu ataigwira ndi nsonga za zala. M'zikhato monse munali matuza ophulika, ofiira, ena akuchucha madzi. Manja a munthu wogwira makina ometera tsiku ndi tsiku.

“Mwapsa?” ndinafunsa.

“Nenze kufukula phulusa kufuna atate.”

“Mumawakonda bambo anu.”

Anayang'ana mzere wakuda uja pakhoma nthawi yaitali. Polankhula, chinyanja cha m'tauni chinamuthawa, anayamba kulankhula ngati mlongo wake. “Munthu anabadwira pamalo aakulu chonchija. Ine mwana wake ndikugona m'madzi. Mwana wanga woyamba anapita ndi kolera m'chipinda chino, Ba Sajeni. Ndinawapempha kangodya chabe, poti ndimange zipinda ziwiri pouma. Akuti iyayi, malo ndi a anthu ogona pansi. Akufa ali pouma, amoyo tili m'matope.” Anadzidzimuka ngati wadzimva yekha. “Koma ni atate banga. Nifuna bapezeke.”

Ndinamumvera chisoni, ndisaname. Ndipo ndinachita mantha ndi chimene ndinkachiganiza.

“Tiyeni kufamu,” ndinatero. “Mlongo wanu ali yekha kumeneko.”

* * *

Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumadzulo, yakuda koma yopanda mvula, ndipo mphepo inkachizunguza chimpope mwamphamvu. Mainess anali atakhala pakhonde la nyumba yamiyala atafungatira jekete la bambo ake. Chola anali atabwerako. Anthu ena a kumsewu anatitsatira n'kuima patali.

“Mwawapeza?” anafunsa Mainess akuimirira.

“Ndisanayankhe, amake Norah, ndiuzeni chinthu chimodzi. Ine ndine wa m'tauni, sindidziwa. Mipini inali pamanda ija inali ya chiyani?”

“Mayi, imeneyo ndi nkhani ya lero?” Anapumira m'mwamba, komabe anayankha. “Ndi mwambo wa anthu a pafamu pano, anabwera nawo makolo. Khasu likakumba manda silibwerera kunyumba ndi mpini wake. Umaligulula, chitsulo umachitsuka usanalowe nacho pakhomo, mpini umaugoneka pamtumbira. Ukapita nawo kunyumba, wanyamula maliro ena. Ukauchotsa pamanda, wadzutsa mwini wake, adzautsatira. Atate ankatiuza tili ana, ine ndi uyu. Ankati alendo akadzabwera tidzawaonetse, chifukwa mpini uliwonse ndi munthu.”

Desmond anali ataima pambali, akuyang'ana chimpope.

“Nanga dothi lofiira limapezeka kuti kuno?”

“Pansi pa mikuyu pokha. N'chifukwa chake anaika manda pamenepo. Kwina konse ndi mwala.”

Ndinapita kugalimoto, ndinatenga chokulunga chija, ndinachivundukula pamaso pao. Mainess anauyang'ana mpiniwo, kenaka anayang'ana ine.

“Uwu si wakale,” anatero pang'onopang'ono. “Munautenga kuti?”

“Bwerani muone. Lero miyendo isakukaneni.”

Ndinamugwira mkono. Tinadutsa mikuyu, phulusa likutimata kumapazi, mpaka pa waya ndinazika uja. Mainess anayang'ana belu la pamtengo, anayang'ana pansi, anasuntha pang'ono ngati munthu wofufuza khomo mumdima.

“Amayi ali apa,” analoza. “Mutu wao unali molunjika belu.” Chala chake chinasunthira kumanja, pomwe panali waya. “Apa panalibe manda. Apa ndi pamene atate anadzisungira. Anatiitana awiri, anatiimika pompano, anati ndikadzafa mudzandiike pambali pa amayi anu, pasadzagone wina.”

“Awiri ndani?”

Mainess anatembenuka pang'onopang'ono. Desmond anali atatitsatira mpaka pamphepete pa phulusa, Chola ali kumbuyo kwake.

Ndinapita kwa iye ndi mpini m'manja. Ndinalankhula mofatsa, ngati nkhani ya tsiku ndi tsiku.

“Ba Desmond, kunyumba kwanu ndaona khasu lopanda mpini. Uwu ukuoneka kuti ungakwane. Tengani, mupite nawo. Ndi mpini wabwino, kuutaya n'kulakwa.”

Ndinaukankhira pachifuwa pake.

Analumpha chambuyo ngati ndamuponyera njoka, mpaka kugunda mimba ya Chola. “Musandikhudzitse! Mwauchotseranji? Bwezerani! Bwezerani pomwe unali, mayi inu, mukufuna anditsate?”

Anthu a patali aja anasiya kunong'ona. Kunangotsala kulira kwa chimpope.

“Akutsate ndani, Desmond?” anafunsa Mainess. Mawu ake anali aang'ono kwambiri.

Desmond anakhala pansi paphulusa. Analankhula akuyang'ana manja ake amatuza.

“Chishimba anati andipatsa puloti yapangodya, pouma. Ine ndinangomuuza nthawi. Ndimati iwo adzakhala kutchalitchi, pobwera apeza zatha, alira, basi aiwala. Ndinabwera kudzaona ngati anyamata amaliza. Ndinawapeza okha pautsi. Atandiona anadziwa. Sanandifunse n'komwe, anangoti, ‘Ndiwe.’ Anandimenya ndi tsache kumaso, ngati kamwana. Ndinangowakankha kuti andileke. Kamodzi, alongo, kamodzi kokha. Anagwera pamwala wotsala.”

“Ndiye unathamangira kuchipatala,” anatero Mainess. “Unakuwa kuti anthu akuthandize.”

“Anthu akanandiotcha.”

“Unapita kukatenga khasu.”

“Sindikanawasiya pamtunda ngati galu! Ndinawaika pamalo pao. Pambali pa amayi, monga ananenera. Nkhope kum'mawa, kuyang'ana kwathu ku Katete. Ndinawafunditsa malaya anga. Zonse ndinachita bwino, alongo, palibe chimene ndinalakwitsa. Ngakhale mpini ndinasiya.”

Ndamanga anthu ambiri pantchito imeneyi, akuba, opha anzawo kumowa, amuna omenya akazi. Sindinamvepo munthu akupempha kuyamikiridwa chifukwa choika bwino bambo ake amene wawapha. Ndinakodola Chola kuti atulutse unyolo.

Mainess sanalire. Anayenda mpaka pomwe panakhala mlongo wake, anagwada, anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope, monga ayenera kuti ankachitira ali mwana.

“Desmond, ndiyang'ane. Atate ankakomoka. Ukudziwa. Chaka chatha anagwa pampope, tonse tinayamba kulira, iwo n'kudzuka n'kupempha tiyi. Unalipo. Unaika khutu pachifuwa? Pamene unkawakwirira, anali atasiya kupuma?”

Desmond anatsegula pakamwa. Anayang'ana dothi lomwe linali pansi pa waya, anayang'ana mlongo wake.

“Kunali utsi,” anatero. “Chimpope chimasokosa. Sindinkamva bwino.”

Mainess anamusiya. Anakwawa ndi maondo mpaka pa waya, anauzula n'kuutaya, ndipo anayamba kufukula ndi manja. Phulusa linachoka, dothi lofiira linatulukira, lofewa, losavuta. Ine ndinkadziwa kuti dzuwa lalowa ndi kutuluka chikwirireni munthuyo, ndipo palibe chimene chikanasintha. Iyenso ankadziwa. Koma ndani akanamugwira?

“Chola, mashovelo!” ndinakuwa. “Inu mwaima apo, thamangani kwa Chishimba mukatenge mashovelo! Ndipo wina akamange chimpope chija!”

Mnyamata wina wamkulu anakwera n'kukoka tcheni. Chimpope chinalira komaliza, kenaka chinaima, ndipo Pachimpope panagwa bata loti ungamve munthu akupuma. Mainess anasiya kufukula. Anagoneka khutu lake padothi, anatseka maso, anakweza dzanja limodzi kuti tonse tikhale chete.

Tinakhala chete. Ine ndinali chiimire ndi mpini uja m'manja, osadziwa pouika.

“Atate,” anaitana motsitsa, pakamwa pali padothi. “Ndine Mainess. Ndabwera.”